Kamera Yodikira

Amayi anga, kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Kambombo tadzuka, kupatula chimfine chimene chazungulira nyumba yonse osafuna kutsazika. Ndatenga nthawi osakulemberani. Musandikwiyire, ndinkadikira kuti nkhani imene ndinayamba ithe kaye, pajatu inu nkhani yokambidwa theka simunkaifuna. Munkati, "Ukayamba umalize, ine ndili ndi mphika pamoto."

Ndiyambe ndi za pakhomo. Adada ali bwino, kungoti bondo lija likuwavutabe, ndipo mankhwala a kuchipatala amamwa tsiku limene akumbukira. Mlongo wanga Lazaro mkazi wake anachira, ndi mwana wamwamuna, wamakutu ngati a adada. Mdzukulu wanu Esinati, amene munamusiya ali m'mimba ndipo tinamutcha dzina lanu, tsopano ndi munthu wolongolola, amafunsa mafunso mpaka mkamwini wanu, a Mphande, amathawira kusukulu nthawi isanakwane. Chimanga chaka chatha chinachita bwino. Inu munatisiya chaka cha chilala chija, tikudya chimanga chachikasu cha thandizo chimene munkati chikununkha sitima. Mukanaona nkhokwe ya chaka chino mukanaseka. Njovu zinalowa m'munda wa kumtsinje, adada anaziimbira zitini mpaka mawu kuwathera, koma zinangodya mbali imodzi.

Ntchito yanga ya ulangizi wa zaulimi ikadalipo. Koma mabwana athu a ku Chipata anasiya kubwera kudzaona minda. Galimoto akuti ilibe mafuta, ikapeza mafuta ilibe matayala, ikapeza matayala mitsinje yadzaza. Ndiye anagwirizana zoti ife a kutali tiziwatumizira zithunzi za minda yachitsanzo, iwo aziona ntchito yathu ali pampando. Anandiitana kuti ndikasankhe kamera. Nkhani yanga yagona pamenepo, koma ndibwerere kaye m'mbuyo kuti mundimve bwino.

Amayi, nkhope yanu yakhala ikundithawa. Ndikunena ndi manyazi, koma ndi zoona. Mawu anu ndimawamva bwinobwino, kayendedwe kanu ndimakaona, ngakhale fungo la mafuta amene munkadzola ndimalidziwa. Koma ndikatseka maso kuti ndikuyang'aneni, pamabwera duku, pamabwera ndolo, pakatipo palibe. Esinati atandifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndinangoti anali okongola, iye n'kunena kuti okongola ndi ambiri.

Ndipo mlanduwu ndi wanu. Mukumukumbuka wojambula uja wa ku Lundazi amene ankabwera pa njinga pakatha kukolola? Ife mumatisambitsa, kutipaka mafuta mpaka kunyezimira, kutindandalika pakhonde. Akati nanunso imani, yankho lanu linali limodzimodzi: "Jambulani ana, ine maso afiira ndi utsi. Nkhope yanga muiona mawa, sikupita kulikonse." Chithunzi chimene tili nacho ndi chija cha ine ndi Lazaro, ndipo inu mulimo dzanja lokha, litagwira phewa la Lazaro kuti asathawe. Kachithunzi ka pa reji yanu, chitupa cha boma chija, kanafufutika chaka chimene madzi analowa m'nyumba, pakungooneka mthunzi wa mutu.

Choncho ndinaganiza za mng'ono wanu, amayi aang'ono a Selina a ku Tembwe. Anthu onse ankati inu awiri munali ngati nyemba za m'khoko limodzi. Ndinati ndikawajambula iwowo, ndidzakhala ndi pogwira. Ndinabwereka kamera kwa mphunzitsi mnzawo wa a Mphande, ndinapita. Ndinawapeza akutsokomola, atayamba kuchepa thupi. Nditawauza kuti akhale pampando ndiwajambule, anakana kwamtuwagalu.

"Yayi, mwana wanga. Chithunzi cha munthu mmodzi ni cha pa bokosi. Wabwera kudzanikonzera maliro? Ngati ufuna, ima pano na ine."

Ndinayesa kuwanyengerera, osatheka. Ndiye amuna awo, a Nyirenda, anadzipereka. Mukuwadziwa a Nyirenda, palibe chinthu pansi pano chimene sanachionepo ku migodi. Anati, "Patsa kuno, makamera tinayamba kuyaona iwe usanabadwe." Ndinawaonetsa kagalasi koikapo diso, iwo anangondikankha dzanja. Anaigwira kamera pamimba, n'kumaiyang'ana kuchokera pamwamba, momwe ankachitira ojambula a ku migodi ndi makamera awo a bokosi aja. Ndinaona kuti pali cholakwika, koma ndikanawadzudzula bwanji bambo aakulu pakhomo pawo, akazi awo akuona? Ndinangoima n'kumwetulira.

Filimu kuno sitsukidwa, imapita ku Chipata. Zithunzi zitabwera patapita nthawi, ndinapeza zitenje ziwiri, mapazi anayi, ndi nkhuku imene inkadutsa. Nkhukuyo inatuluka bwino kwambiri. A Mphande anaseka mpaka kugwira m'mimba, ine ndinasekako pang'ono, kenako ndinakalowa kuchipinda.

Ndiye pamene ndinkapita ku Chipata kukasankha kamera ya ntchito, mtima wanga unali pawiri. Bwana anali atandiuza kale chimene akufuna: "Mukagule yokoka, ija ibweretsa vinthu pafupi. Tifuna tizionako na mbozi pa tsamba." Ine ndinavomera. Koma uthenga unali utandipeza kuti amayi aang'ono chifuwa chakula, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana. Mukudziwa kuti mvula ikagwa, njira ya ku Tembwe imakhala ya ng'ona.

M'sitolomo munali makamera atatu amene ndalama ya ofesi ikanakwanitsa. Mwini sitolo, bambo wa ndevu zoyera, anawayala pa tebulo. Yoyamba inali yotulutsa chithunzi pompopompo, ukangodina chimatuluka kukamwa ngati lilime. Mtima unadumpha, ndinati amayi aang'ono adzadziona tsiku lomwelo, ndipo ndikalakwitsa ndidzadziwa ndisanachoke. Koma nditafunsitsa, bamboyo anaulula kuti mapepala ake amapezeka ku Lusaka kokha, ndipo zithunzi zake zikakhalitsa kotentha ngati kwathu kuno zimayamba kufufutika. Ndinaibweza. Za kufufutika ine ndatopa nazo.

Yachiwiri inali yokoka ija. Anandipatsa kuti ndiyang'anire kunja, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu anabwera pafupi mpaka ndinaona ntchentche pa nthochi zake. Ndinatsala pang'ono kumupatsa moni. Kamera yabwino, Amayi, sindinama. Koma inali yolemera, mabatire ake achilendo oti pa boma pa Chama sungawapeze, ndipo kamphuno kake kotuluka ndi kulowa ndinakaganizira fumbi la mwezi wa Okutobala. Komanso inkafuna munthu kumbuyo kwake nthawi zonse, ndipo ku Tembwe munthuyo akanakhala a Nyirenda.

Yachitatu inali yaing'ono, yakuda, yosaoneka bwino n'komwe. Mabatire ake ndi aang'ono aja opezeka m'magolosale. Bamboyo anati, "Iyi ilibe maso a kutali, mayi. Koma idziwa kuyembekeza. Muiika pamalo, mudina apa, muthamanga, muimirira. Kagetsi kakaleka kuphethira, yajambula yeka."

Ndinamuuza kuti abwereze. Anaiika pa shelefu, anadina, n'kubwera kudzaima pambali panga manja ali m'thumba. Kagetsi kofiira kanaphethira, kanaphethira, kenako kamera inalira yokha popanda woigwira. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinaganiza za bwana, ndinaganiza kuti ntchito masiku ano ikusowa ndipo anzathu ena anawachotsa kale. Kenako ndinakumbukira momwe munkasankhira mphika pa msika, wogulitsa akukuonetsani wamaluwa, inu n'kumati, "Ine sindiphikira alendo a tsiku limodzi." Ndinatenga yodikirayo.

Bwana ataiona anakwinya nkhope. Ndinawauza kuti munda suthawa, ndikafuna mbozi pafupi ndidzayenda ndi miyendo yanga mpaka pa tsambalo. Anangosaina pepala mokalipa. Koma ndikuuzeni, zithunzi zoyamba za minda zitawafika, ine ndili m'kati mwa chimanga pamodzi ndi alimi, ananditumizira mawu akuti, "Manje tiona kuti mufikadi ku munda." Pano akuuza alangizi ena kuti agule yangati yanga, ndipo amakamba ngati nzeruyo inali yawo.

Ku Tembwe ndinapita mvula isanagwe, ndi filimu yogula ndekha. Ndinakwera lole mpaka pa boma, kwinako pa njinga, dzuwa likuwotcha ngati lakwiyira munthu. Amayi aang'ono ndinawapeza atagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anadzuka, anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, ndinawamanga duku momwe munkamangira inu, mfundo kumbali. Ndinagubuduza mtondo, kuuvundikira, kuikapo kamera, n'kuchirikiza ndi kamwala. A Nyirenda anakhala pakhonde atapinda manja. Anati, "Kamera yopanda munthu izajambula mphepo."

Ndinaika diso, ndinaona kuti mutu wa amayi aang'ono ulimo wonse, ndinasiya malo anga pambali. Ndinadina, n'kuliyatsa liwiro. Ulendo woyamba ndinapunthwa pa beseni, kamera inalira ndili chogwada. Amayi aang'ono anaseka mpaka chifuwa kuwagwira, anati sanaonepo mlangizi wa boma akuthamangitsidwa ndi kabokosi. Ndinabwereza, ndinabwerezanso. Pomaliza ndinafika nthawi ilipo, ndinaima kumbuyo kwawo dzuwa likundilasa m'maso, iwo akugwedezekabe ndi kuseka, ndipo ndinawagwira paphewa kuti akhazikike.

Filimuyo ndinapatsira woyendetsa lole ya thonje. Mvula inagwa sabata yomweyo, mitsinje inadzaza, ndipo kunali zii. Tsiku lililonse ndinkaopa zinthu ziwiri, kuti filimu yanyowa m'njira, kapena kuti kubwera munthu wa pa njinga kuchokera ku Tembwe ndi uthenga. Zithunzi zinafika chimanga chitayamba kumasula.

Ndinatsegula envelopu. Mitu inalimo, Amayi, yonse iwiri. Ndinayang'anitsitsa amayi aang'ono, kufunafuna inu. Simunalimo. Matenda anawadya masaya, maso analowa m'kati, pakamwa panasintha. Anali mayi wokalamba wokoma mtima akuseka, koma sanali inu. Ndinati ndachedwa, ndipo ndinalira kwambiri kuposa tsiku la nkhuku lija. Ndinabweza chithunzicho mu envelopu osachionetsa munthu.

Madzi atatsika ndinapitabe nacho ku Tembwe, poti ndinawalonjeza. Ndinawapeza ali moyo, ofooka koma akudya phala. Anatuluka nacho panja powala, anachitalikitsa ndi dzanja momwe amachitira anthu a maso otopa. Ndinkayembekeza kuti adandaula za kuonda kwawo. Koma iwo anaika chala pa chithunzicho.

"Iwe Elita, akulu anga alowamo bwanji muno?"

Chala chawo sichinali pa nkhope yawo. Chinali pa yanga.

Ndinayang'ana. Mayi ataima kumbuyo, mutu utapendekera kumanzere, diso limodzi litatsinzinira dzuwa, pakamwa patatseguka pang'ono ngati akufuna kukalipira mwana koma kuseka kwamutsogolera. Ndi momwe munkaimira pakhomo potiitana madzulo. Ine pagalasi ndimadziona tsiku ndi tsiku, koma pagalasi munthu amayamba wakonza nkhope. Apa ndinali nditathamanga, ndilibe nthawi yokonza chilichonse. A Nyirenda anabwera kudzasuzumira, n'kuvula chipewa.

Chithunzicho amayi aang'ono anakana kubweza. Anati, "Ichi sichichoka pano," n'kuchilowetsa m'Baibulo lawo. Ndinachita kutsukitsa china. Chitabwera ndinachiika pambali pa chakale chija cha ine ndi Lazaro. Dzanja lanu pa phewa la Lazaro, dzanja langa pa phewa la mng'ono wanu, zala zake zomwezo, ngakhale kachala kakang'ono kopindika kaja. Ndinamuitana Esinati ndi kumuonetsa. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati agogo nawonso ankakalipa. Ndinati kwambiri.

Ndiye munkanena zoona, Amayi, nkhope yanu sinapite kulikonse. Koma musaganize kuti mwawina mlandu. Munandivutitsa zaka zonsezi, kundiyendetsa mpaka ku Chipata, kundigwetsa pa beseni anthu akuona, chifukwa cha utsi wa m'maso basi.

Sabata yamawa ndikajambula adada ndi mwana wa Lazaro. Adada ayamba kale kukana, akuti malaya awo abwino alibe mabatani, koma ndawauza kuti mtondo ulipo ndipo kamera imadziwa kudikira. Ndikukulonjezani kuti pa chithunzi chilichonse cha ana anga ine ndidzakhalapo, kaya maso afiira ndi utsi, kaya ndavala chitenje cha kumunda. Sindidzawauza kuti andiona mawa.

Ndakusowani, Amayi, ndipo ndimakukondani monga kale. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu,
Elita