Tomasi wagwanso, ndipo kusukulu amubweza

Achimwene okondedwa,

Landirani moni, inu, alamu ndi ana kumeneko ku Beira. Kuno ku Mualadzi tadzuka bwino, chimanga chacha, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha mwana wanga Tomasi.

Lachiwiri lapitali anzake kusukulu ankamuseka, akumutchula kuti wakhunyu. Iye anatola mwala n'kugenda mwana wina pachipumi, magazi chuchuchu. Apulofesola, aphunzitsi ake, asanamugwire, Tomasi anagwa pansi n'kuyamba kuphupha. Ana onse anathawa, poti amati malovu ake amapatsira matendawa. Atandiitana, ndinamupeza ali yekha pafumbi, atadziluma lilime.

Apulofesola anandiuza mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, mwanayu ayambe wakhala kunyumba. Makolo ena akudandaula."

M'mawa mwake tinakwera mota, njinga yamoto, kupita kuchipatala, koma anamwino anati mapiritsi ake atha, tidzabwerenso mwezi wamawa. Pobwerera Tomasi anandifunsa kuti, "Amayi, kodi ine ndine mwana woipa?" Ndinangomugwira dzanja.

Achimwene, kumukalipira ndayesa, kumunyengerera ndayesa, kutchalitchi amupempherera. Kumunda sindikupitanso, ndikuopa kuti angagwere pamoto kapena m'chitsime ine ndili kutali.

Inu ndinu amalume ake. Tandifunsireni kwa madokotala akumeneko ngati alipo wodziwa kuthandiza ana otere. Mukapeza mpata mumuimbire foni, mumuyankhe funso limene ine landikanika.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Rozariya