Nthenga Zanga Pakamwa pa Mlamu

Loweruka, 7 Januwale

Akulemba ndi Shaheedha, mwana wanga woyamba, koma mawu ndi anga. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndamuuza asakometse chilichonse.

Fayaz, mlongo wake, walandira mlendo wina lero, mzungu wofiira ngati nkhanu yophika. Ndi aja owedza ndi mbedza za nthenga, oima m'madzi olekeza m'mawondo tsiku lonse, kuponya chingwe uku ndi uku ngati akuingitsa ntchentche. Akagwira nsomba amaijambula n'kuibweza. Uyu akuti akufuna agwireko mtundu uliwonse wa nsomba za m'nyanja yathu. Wowatsogolera woposa mwana wanga pachilumba chino palibe, ndipo anaphunzira kwa ine. Lemba zimenezo.

Lolemba, 9 Januwale

Ndamanga mbedza za mlendo. Nthenga za tambala wanga wofiira, ulusi woyera, monga tinkamangira zogwirira nsomba za tuna ndili mnyamata. Mzungu wazitembenuzatembenuza, akuti za kwawo sizifika pamenepa. Ndinkadziwa kale.

Fayaz, pondiitana monga ana akuno amaitanira bambo awo, wati, "Bappa, zazikuluzo musapale kamnga." Ine kamnga ka kunsonga ndimapala nthawi zonse, kuti mbedza ituluke msanga pobweza nsomba. Akuti mlendoyu zikumupulumuka zambiri. Ndasiya kamngako.

Lachitatu, 11 Januwale

Mlamu wadya bwino lero.

Shaheedha akuti ndinene kuti Mlamu ndani, adzukulu angadzaganize kuti ndi munthu. Ndi handhi, chinsomba cha chipumi chachikulu, choti mutachiimika chingandifike pachifuwa. Dzinalo anamupatsa ndi malemu mkazi wanga Sanfa, poti amangooneka nthawi ya chakudya. Ndikatumbula nsomba pa kamlatho ka matabwa kuseri kwa nyumba, ndimagogoda mpeni pa ndowa, iye n'kutulukira kudzadya m'manja mwanga. Anayamba ali ngati mbale kukula kwake. Pamene timadyetsa nsomba sitiponyapo mbedza. Ngakhale khanda la pachilumba chino limadziwa.

Mzungu wagwira mitundu yambiri, yamusowa ndi handhi yaikulu, ndipo akunyamuka Lamulungu. Kumalo omwera tiyi mnzanga Thuthu wati, "Mwana wako watha mafuta onse a m'boti, handhi osaiona. Anaphunziradi kwa iwe." Ndamuuza kuti mano ake akanachuluka ngati mawu ake, bwenzi akutafuna yekha.

Lachisanu, 13 Januwale

Fayaz sanabwere kumzikiti. Akuti anali kutali kumatanthwe ndi mlendo. Ndagogoda ndowa, Mlamu sanabwere.

Lamulungu, 15 Januwale

Mzungu wapita. Potsanzika wanditambasulira manja onse awiri, kulankhula zambirimbiri. Fayaz wangomasulira pang'ono, akuti yaikulu inamudulira chingwe. Ndafunsa kuti kuti. "Kumatanthwe, Bappa."

Mlamu sanabwerenso. Fayaz akuti ndi nyengo, nsomba zoterezi zimapita kukaswana. Wanena akumanga boti, nkhope ili uko.

Lachiwiri, 17 Januwale

Mlamu wabwera. Wangoima patali, pomwe mchenga umathera. Madzi anali oyera, ndaona bwinobwino. Pakona pa kamwa pali nthenga zofiira, ndipo chingwe chakulunga pomwe amapumira, china chikukwekwereka m'mbuyo. Maso anga ndi okalamba, koma tambala wanga ndimamudziwa. Ndamuponyera mutu wa nsomba. Wauluma, kamwa osatseguka bwino, mutuwo wagwa.

Shaheedha waika cholembera pansi. Ndamufunsa chavuta n'chiyani.

Akuti anaona. Lachisanu, amuna tonse tili kumzikiti, Fayaz anatenga mpeni wanga ndi ndowa yanga, n'kuimika mzungu pa kamlatho. Anagogoda. Mlamu anabwera monga amabwerera kwa ine, mzungu n'kuponya. Atakodwa anathawira pansi pa matabwa, chingwe n'kudukira pa mizati.

Ndati nanga iwe bwanji sunandiuze? Akuti, "Ndi mlongo wanga, Bappa." Masiku onsewa wakhala akulemba kuti Mlamu sanabwere, akudziwa chifukwa chake. Tola cholembera, mwana wanga. Lemba.

Lachitatu, 18 Januwale

Ndamuitana Fayaz pakhonde. Sanakane.

"Ndi nsomba chabe, Bappa. Tikanaibweza. Munthu uja akanapita osakodwetsako ngakhale imodzi, akanauza anzake onse pa foni kuti kuno kulibe handhi. Alendo akasiya kubwera, ine ndigwira ntchito yanji? Mukufuna ndipite kumzinda wa Male ndikanyamule simenti ngati ana a Thuthu?"

Ndamusiya amalize. Ali wamng'ono ndinkamugwira lamba pa kamlatho komweko kuti asagwe akamadyetsa Mlamu. Mayi ake atamwalira, ankandiperekeza ndi iyeyu, atanyamula ndowa. Zimenezi sindinamukumbutse. Ndamufunsa chimodzi chokha. Ndati, "Lolemba lija unkandiuza kuti ndisapale kamnga, unali utaganiza kale?"

Wayang'ana zala za kumapazi kwake. Kenako wati, "Ndinkaganiza kuti mwina sizifika pamenepo."

Ndiye kuti mbedzayo ndinaimanga ndekha, nditakhala pano, ndikunyadira.

Sindinadye. Msuzi wa nsomba Shaheedha wabwerera nawo momwe unalili.

Lachinayi, 19 Januwale

Fayaz wabwera m'mawa ndi ukonde, Thuthu ali pambuyo pake, lero wopanda nthabwala. Akuti chingwecho chikapanda kuchotsedwa, Mlamu afa ndi njala. Ndati kachotse, unamangirira ndiwe. Akuti wayesa kale, koma Mlamu akangoona chithunzithunzi chake pa matabwa akuthawa.

"Kwa ine sabwera, Bappa. Mugogode ndinu."

Ndinakhala kaye pansi. Tiyi anazizira. Kenako ndinatenga mpeni.

Iwo anabisala m'madzi kuseri kwa mizati, ukonde uli m'manja. Ine ndinaima pamalo panga, ndinagogoda, ndinamuitana monga Sanfa ankaitanira, "Alamu, chakudya chapsa!" Anachedwa. Anabwera cham'mbali, kuima, kubweranso. Ndinatsitsa dzanja m'madzi ndi chiwindi cha tuna, chomwe amakonda. Atangofika pa zala zanga, iwo anatseka ukonde.

Anamenya madzi mpaka Thuthu anagwa chagada. Fayaz anamukumbatira, zipsepse zikumucheka mikono, sanamusiye. Ndinadula chingwe ndine. Mbedza inakana. Kamnga kaja kanatuluka ndi mnofu, diso lake lili pa ine. Titamumasula anakhala kaye phee, kenako anawongoka, ulendo wa kumadzi akuya, osakhota.

Mbedzayo ndinaika m'dzanja la Fayaz. Anati, "Pepani, Bappa." Ndinati kasambe mikono, magazi akudontha pa matabwa anga.

Shaheedha, apa ulembe mosamala. Lachisanu anamunamiza ndi mwana wanga. Lero ndamunamiza ndine, ndipo anabwera chifukwa anali ine.

Lachisanu, 20 Januwale

Ndagogoda m'mawa. Kwabwera tinsomba ting'onoting'ono tokha. Ndatipatsa.

Kumzikiti Fayaz waima mzere wanga, phewa lake pa langa. Sindinasunthe, sindinamuyang'anenso. Potuluka Thuthu wandinong'oneza kuti sabata yamawa kukubwera azungu ena, ndipo amva kale za mbedza zofiira.

Nditafika kunyumba ndapeza tambala ali pampanda, akudzikuza ndi khosi lake. Ndamuuza Shaheedha atereke madzi, akazinge anyezi, apale kokonati, ndiwo ya lero ndi tambalayo. Wandifunsa kuti mbale aike zingati. Ndati ya Fayaz aikenso, abwere adye.

Nthenga zokha atenthe.