Pusi wa pamunda wathu wakale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife ku Matawale tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Loweruka ndinakwera kuphiri kukagula mapichesi. Pamunda wathu wakale uja ndinaona pusi, kamwana kali kakaka pamimba. Ndinakumbuka mmene tinkawathamangitsira apusi m'chimanga ndi malegeni, inu mukukuwa mpaka mawu kusasa. Lero m'kalata mukuti ntchito yanu ndi kuika mbewu ya mphongo mwa tiapusi ta kafukufuku kuti tibereke! Nditawawerengera amayi kalata yanuyo, anaseka mpaka misozi.

Ine sindinaseke. Apongozi ayambanso kufunsa za mdzukulu, ndipo zitsamba ndatopa nazo. Mundifunsireko kwa madokotala anuwo ngati njira imeneyo imathekanso kwa munthu. Amayi musawauze.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati