Inki ya pa Chala cha Priska

Mbenje, Nsanje
13 Okutobala 2025

Okondedwa achemwali anga a Maness,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kupatula dzuwa lino la Okutobala limene lafika poti ngakhale mbuzi zikukana kuchoka pamthunzi. Mudabwa kulandira pepala m'malo mwa mawu a pa foni. Foni ya pakhomo pano ndi imodzi, imakhala m'thumba mwa bambo a Gilbert, ndipo zimene ndikufuna kukuuzani sizoyenera kudutsa m'thumba limenelo. Ndapatsira a Dennis oyendetsa thiraki aja, ati adutsa kwanuko sabata yamawa.

Chipepeso chanu pa maliro a Priska chinafika, takhuta, tathokoza kwambiri. Uthenga wanu wa mawu unafikanso, uja munati, “Mwaona alamu, katemera uja watitengeranso wina.” Bambo a Gilbert amaumvetsera mpaka lero, amauyatsiranso anzawo pa bawo. Achemwali, uthenga umenewo ndi umene wandigwiritsa cholembera. Katemera sanaphe Priska. Priska sanabayidwepo katemera wa chikuku ngakhale kamodzi, ndipo amene akudziwa zimenezi ndine ndi munthu wina mmodzi.

Ndiyambe pa Gilbert, poti zonse zinayambira pa iye. Mukukumbuka kuti atabayidwa katemera wachiwiri wa chikuku, ali ndi chaka ndi miyezi itatu, timawu take tiwiri tija tinazimirira. Lero ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, sananenepo “amama”. Amakhala kuseri kwa nyumba kundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, ndipo wina akasuntha chimodzi kumakhala kulira kogudubuzika. Anthu ananena zambiri. Ena amati tinamukhwimira, ena amati ndinadya zosayenera ndili woyembekezera. Apongozi ankangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Ndiye inu munatumiza kanema uja, wa mzungu wovala chovala choyera, ndi mawu anu omasulira pamwamba pake. Munati matendawa kumeneko amati otizimu, ndipo amabwera ndi jakisoni wa chikuku. Ndikuuzeni zoona, tsiku limenelo ndinapuma. Kwa nthawi yoyamba mlandu unachoka pa ine n'kupita pa singano. Ndinaukonda uthenga umenewo ngati mmene munthu amakondera sing'anga amene waloza wina.

Nthawi imeneyo Priska anali ndi miyezi isanu, kamwana kosekerera aliyense. Ndinalumbira mumtima kuti uyu yekha sandilanda. Atakwana miyezi isanu ndi inayi ndinkamubereka m'mawa tsiku la sikelo, buku m'manja, n'kukhotera ku dimba. Ndinkakhala kumeneko mpaka ndione azimayi akubwerera. Bambo ake sankatsegula buku la sikelo, amati ndi za akazi. Iwo nthawi imeneyo za kanema wanu ankazitsutsa, ankati, “Achemwali akowo akolope m'nyumba za azungu, za udokotala awasiyire eni ake.” Musakwiye, ndi mmene ankanenera.

Chaka chatha kunabwera katemera wa ana onse, wobayira pa sukulu. Mukudziwa mmene amachitira, mwana akabayidwa amamupaka inki pa chikhadabo cha kachala kakang'ono ka kumanzere, kenako a zaumoyo amayenda khomo ndi khomo kuona zala. Pamenepo dimba silikanandibisa. Bambo a Gilbert anandiuza m'mawa kuti, “Upite naye, ndidzaone chala ndikabwera ku munda.”

Pa denga pathu pamakhala cholembera chachikulu cha inki yakuda chimene iwo amalembera dzina pa matumba a thonje. Ndinachitsitsa. Ndinamukhazika Priska pamwendo n'kumupaka bwinobwino, chikhadabo chonse ndi kakhungu ka m'mbali, monga ndinaonera pa ana a anzanga. Iye ankaseka, ankati ndimupakenso zala zina kuti atchene. Bambo ake atabwera anawathamangira dzanja lili m'mwamba. Anamunyamula, anati, “Mwana wolimba mtima uyu, sanalire n'komwe.” Ine ndinali pa mtondo, ndinangopitiriza kusinja.

Mawa lake anafika a Maliko, mlangizi wathu wa zaumoyo, amene amayenda pa njinga ndi bokosi lozizira lija. Anagwira kadzanja ka Priska, anakayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira ana ena. Anafunsa buku, ine ndinati lili m'sutikesi ndipo kiyi apita naye bambo. Anandiyang'ana, anati adzabweranso, n'kukwera njinga. Anabweradi kawiri, ndipo kawiri konse ndinawaonera patali n'kutulukira kuseri.

Za madzi a mu Malichi munazimva. Shire anabwera tikudya chakudya cha masana, tinathawa ndi ana okha. Sutikesi inapita, buku la Priska linapita nayo. Ndichite manyazi, pakati pa kulira konse kuja ndinamva kamtima kena kakuti umboni wapita ndi madzi.

Pa sukulu pamene anatisunga tinali mabanja khumi ndi anayi m'kalasi imodzi. Tithokoze, khanda lathu, anali ndi miyezi iwiri, sankachoka pa bere. Sabata yachitatu mwana wina wa banja lochokera kutsidya anayamba kutentha thupi, maso ofiira ngati wathiridwa tsabola. Ana ambiri m'kalasimo sanadwale. Anadwala anayi, wachinayi anali Priska. Zinayamba ndi chimfine ndi chifuwa, kenako totupa kuseri kwa makutu, mpaka thupi lonse. Gilbert ankagona naye mphasa imodzi, ankamwera kapu imodzi, koma sanayetsemule ndi kamodzi komwe. Ndinaziona zimenezo ndi maso angawa, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake.

Namwino wa pa tenti anafunsa ngati mwanayo anabayidwa. Ndisanatsegule pakamwa bambo ake anayankha kuti, “Anabayidwa, inki ndinaiona ndekha.” Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza. Totupa titayamba kuuma tinayesa wachira, koma chifuwa chinatsikira m'mapapo, anati ndi chibayo. Kupuma kwake kunkamveka panja pa kalasi. Anatilembera kalata yopita ku chipatala cha pa boma, koma msewu unali utaduka, tinadikira bwato kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu. Priska anatisiya tili pakati pa madzi, ali pamiyendo panga. Chomaliza chimene ananena chinali kupempha madzi akumwa.

Kuyambira pamenepo bambo a Gilbert anatembenuka. Iwo amawerenga motere: Gilbert anabayidwa, anasiya kulankhula, Priska anabayidwa, anamwalira ndi matenda omwewo amene amati akumuteteza. Ndani angawatsutse? Uthenga wanu unadzangothira mafuta pa moto. Mwezi wa Juni anakumana ndi a Maliko pa mjigo, anawagwira njinga pamaso pa anthu.

“Mumatibaya ana ndi chiyani inu? Madzi a m'chithaphwi?”

A Maliko anangoti, “Pepani bambo, imfa ya mwana ndi yowawa.”

“Pakhomo panga musadzapondenso. Nkhabe, ndakana.”

Tsopano azimayi asanu a m'mudzi muno asiya kupita ku sikelo. Akandiona amandigwira dzanja, amati, “Amake Gilbert, inu ndiye mwatitsegula maso.” Ndimafuna nthaka itang'ambika.

Mu Ogasiti a mpingo anatithandiza kupita ndi Gilbert ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Dokotala wake anali mayi wachikuda ngati ife, anakhala nafe nthawi yaitali. Ndinamufunsa za singano mosabisa. Sanandiseke. Anati funso limeneli linafufuzidwa pa ana ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana, ndipo otizimu amapezeka chimodzimodzi mwa obayidwa ndi osabayidwa. Anati mwana amabadwa nawo, kungoti umaonekera bwino pa msinkhu umene ana amayamba kulankhula, womwenso ndi msinkhu wa katemera uja. Kenako anandifunsa, “Ali khanda, poyamwa ankakuyang'anani m'maso? Mukamuitana dzina ankacheuka?”

Achemwali, sankandiyang'ana. Ankayang'ana denga. Ndinkadziwa kuyambira ali ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti mwanayu ali ndi dziko lakelake, singano ya chikuku isanamukhudze. Ndinazikwirira chifukwa kanema wanu anali wokoma kuposa zimene ndinkakumbuka. Dokotala anafunsanso ngati kumtundu kwathu kunali wina wotere. Ndinati ayi, koma m'basi pobwerera ndinakumbuka malume a Ernest. Inu mukuwadziwa kuposa ine. Munthu uja ankakhala pansi pa mtengo wa mtondo wa kwa agogo kusanja nthanga za bwemba tsiku lonse, osalankhula mpaka imfa yake. Anabadwira kutchire ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Ndani anawabaya iwo aja?

Bambo a Gilbert anamva zonse za dokotala, koma potuluka anati, “Nanga Priska? Ayankhe za Priska.” Ndipo ine ndekha ndi amene ndingayankhe za Priska.

Lachisanu lapitali ndinakumana ndi a Maliko pa njira ya ku chigayo. Ndinafuna kupatuka koma anatsika njinga. Anayamba afunsa za Gilbert, kenako anatsitsa mawu.

“Amake Gilbert, inki yathu imakhala yofiirira, ikamauma ndi pamene imada. Ija inali yakuda bii, ndipo dzina la Priska m'kaundula wanga mulibe. Ndinalakwa kusaumirira tsiku lija, ndimaganiza ndikupezani pang'onopang'ono. Nanenso sindigona nazo.”

Ndinafunsa chifukwa chimene sananene pa mjigo paja, pamene ankanyozedwa ngati mwana.

“Ndikananena, inu mukanagona kuti? Ine sindinena, si nkhani yanga. Koma Tithokoze wakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, ndipo sikelo ndi Lachinayi. Mvula ikubwera, misasa ikubweranso.”

Ndi pamene ndaima pamenepa. Bambo ake alumbira kuti singano ikadzamukhudza Tithokoze, ine ndi iwo tathana. Buku lake latsopano amalisunga okha tsopano, m'thumba limodzi ndi foni, ndipo amamuyang'ana pa mkono tsiku ndi tsiku. Kale ndinkabisa mwana kuti asabayidwe, lero ndikanafuna kubisa kuti abayidwe, koma njira imeneyo ndinaitseka ndekha. Chimene chingawatembenuze ndi chimodzi, kuwauza kuti inki imene anaiona inachokera pa denga pawo.

Mukudziwa mwambo wa kuno. Anandilowola, ana ndi a kwawo. Akandithamangitsa, Tithokoze mwina andisiyira mpaka aleke kuyamwa, koma Gilbert atsala. Ndani pakhomo pano akudziwa kuti sadya phala likakhala m'mbale ina kupatula yobiriwira ija? Ndani akudziwa kuti akayamba kudzimenya mutu sufunika kumukalipira, umangomukulunga ndi chitenje mwamphamvu mpaka atapuma? Apongozi anganene kuti amangidwe pa mtengo. Ndikaganiza zimenezi ndimati ndikhale chete. Ndikamva Tithokoze akutsokomola pang'ono pokha, ndimamva kupuma kuja kwa m'bwato.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo a Gilbert ndiwauza Lachitatu akabwera ku munda, ndipo ndapempha a Witness, ankhoswe athu, kuti adzakhalepo. Cholembera chija chikadali pa denga, ndidzachitsitsa n'kuchiika pa mphasa. Lachinayi ndipita ndi mwana ku sikelo, kaya ndi buku kaya popanda buku, ndipo azimayi asanu aja ndikawauza ndi pakamwa panga. Pamene muziwerenga kalatayi zonse zidzakhala zitachitika, ndiye musavutike kundiletsa.

Sindikukuimbani mlandu. Munatumiza kanema uja chifukwa chotikonda, ndipo dzanja limene linagwira cholembera ndi langa. Ndinakukwiyirani miyezi ingapo, sindinama, koma mkwiyo unatopa. Ndikupempha zinthu ziwiri zokha. Musatumizenso mauthenga aja, kwa ife kapena ku gulu la azimayi a mpingo, poti kuno mawu ochokera ku Joni amalemera kuposa a munthu wa pa njinga. Chachiwiri, muwaimbire amayi ku Malemia, muwauze kuti akonze kachipinda kaja kosungiramo mapira, mwina ndingakafune. Musawauze chifukwa, ndikawauza ndekha.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa Limbikani, mumuuze alimbikire sukulu. Tithokoze wamera mano awiri ndipo akukwawa chammbuyo, akanakupatsani moni akanadziwa. Gilbert akukupatsani moni m'njira yake. M'mawa uliwonse amatenga makapu awiri, yake ndi ya Priska, n'kuwaika pakhonde moyandikana, ndipo salola munthu kuchotsa mpaka dzuwa litalowa. Anthu amati mwanayu sadziwa kanthu. Iye ndi amene ndinkaopa kuti Priska angafanane naye, achemwali. Lero ndikanapereka chilichonse kuti ndikhale ndi awiri otere, atakhala pakhondepo osalankhula.

Mundipempherere, ngakhale Lachitatu lidzakhala litadutsa.

Ndine mng'ono wanu,
Esinala