Dzina la Bambo Ndinalifufuta Ndine

Okondedwa Achimwene,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukutsokomolabe ngati galimoto yakale? Ife kuno tikupuma, koma sindinganene kuti tili bwino.

Pafoni ndinakuuzani kuti Bambo angofooka pang'ono. Ndinakunamizani. Mwezi wathawu anagwa m'shedi mwawo akupala thabwa, ndipo dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Kulankhula akulankhula, koma mawu akutuluka limodzilimodzi. Adokotala akuti nthenda imeneyi ikabweranso, pakamwa pakhoza kutsekekeratu.

Pali nkhani ina imene ndakhala ndikuisenza ndekha. Ndaona kuti ndiitule kwa inu, popeza pafoni ndimalephera kuiyamba.

Mukudziwa kuti Bambo aphunzitsa Sande sukulu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osadziwa kuwerenga. Nkhani ankazimva kwa abusa n'kuzisunga m'mutu. Akafika pamaso pa ana ankakhuthula thumba lija la tizidutswa ta matabwa tosemasema, tinkhosa, tiabulu, kabwato kamene inu munakathyola mlongoti muli wamng'ono. Mpingo wathu unalibe buku la ana ngakhale limodzi, koma ana ankadzaza khonde mpaka ena kukhala pa masitepe.

Chaka chatha kunabwera alendo a mishoni. Anabweretsa makatoni atatu a mabuku a aphunzitsi, zithunzi zazikuluzikulu ndi makrayoni, ndiponso anati aphunzitsa aphunzitsi athu masiku asanu. Wotsogolera anali mayi wina wamtali amene ana anamupatsa dzina loti Mayi Magalasi. Abusa anandiuza ine, monga mlembi wa mpingo, kuti ndilembe mayina a anthu asanu ndi mmodzi.

Bambo anandipeza ndikulemba patebulo la kunyumba. Anati ndiwalembe iwo poyamba, chifukwa galu wokalamba nayenso amafuna kudziwa kumene anzake akusaka. Ndinawalembadi pamwamba penipeni, ndi pensulo.

Madzulo ake ndinatsegula limodzi la mabuku aja. Tsamba lililonse linali ndi malo oti mphunzitsi awerenge mokweza. Ndinawaona Bambo m'maganizo ataimirira pamaso pa alendo, buku lili m'manja, anthu akutsinana. Ndinadziuza kuti ndikuwateteza, koma zoona zake, Achimwene, manyazi anali anga. Sindinafune kuti alendo adziwe kuti mlembi wovala bwino uja ndi mwana wa munthu wosawerenga.

Ndinatenga chofufutira n'kufufuta dzina lawo, pepalalo n'kukalimata pachitseko cha tchalitchi. Bambo ndinawauza kuti alendo akufuna okhawo amene ali ndi satifiketi ya sukulu.

Sanatsutse. Anangofunsa ngati mabukuwo ali ndi pogona, ndipo nditati ayi, anati ndiye awapangira kabati.

Maphunziro atayamba, iwo anabwera ndi matabwa awo n'kukhala pakhonde, pansi pa zenera lenileni la chipinda chophunziriramo. Inu mukudziwa kuti kabati yotero Bambo amaimaliza masiku awiri. Iyi inawatengera masiku asanu. Mayi Magalasi akamalankhula, hamala inkagona pansi, ndipo inkadzuka pa nthawi yopuma basi. Ine ndinali mkati, pampando wakutsogolo, ndipo sindinacheukire kuzenera ngakhale kamodzi.

Alendo aja ponyamuka anati adzabweranso kudzaona mmene tikugwiritsira ntchito mabukuwo. Tinayamba bwino ndithu. Koma pa sabata lachitatu ana awiri analimbirana chithunzi mpaka kuching'amba pakati, ndipo akuluakulu a mpingo anachita mantha. Anati tidzaonetsa nkhope yanji alendo akadzapeza zinthu zawo zili nsanza? Anagwirizana zoti zonse zitsekeredwe m'kabati muja mpaka alendowo adzabwere, kiyi n'kundipatsa ine.

Mwa aphunzitsi asanu ndi mmodzi aja, awiri anasamuka, mmodzi anapeza ntchito yogwira ndi Lamulungu lomwe, enafe tinkangoimbitsa ana nyimbo ziwiri n'kuwabalalitsa. Bambo anali atasiya kale. Ankati ophunzira abwera, iwo apume. Thumba lawo lija analipachika pamsomali m'shedi, ndipo ana anayamba kuchepa mpaka kutsala osakwana khumi.

Kawiri konse Bambo anandiuza kuti kabati ija ndiikokere kutali ndi khoma, ndiponso ndiziitsegula kuti ipume, chifukwa khoma limenelo limatuluka thukuta nthawi ya mvula. Ndinawayankha mwachipongwe kuti za mabuku azisiyire ife. Mawu a akulu amakomadi akagonera.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri Mayi Magalasi anabwera. Tinasesa, tinakolopa, akuluakulu anavala majekete. Ine ndinatsegula loko monyadira pamaso pa onse, ndipo chitseko chitatseguka munagwa dothi. Chiswe chinalowera kukhoma, n'kuboola thabwa lakumbuyo, n'kudya zonse. Buku ukati ulinyamule linkangotsala chikuto m'manja. Makrayoni okha ndi amene chinawakana.

Mayi uja sanakalipe. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso, ndipo anati akanasangalala kupeza mabukuwo atang'ambika ndi manja a ana, chifukwa anawabweretsera zimenezo. Anatiuzanso mosabisa kuti mipingo yodikira ndi yambiri, ndiye mabuku ena sangapezeke msanga.

Kenako anafunsa za kalipentala uja wa pazenera. Akuti tsiku lina iye anafunsa mmene ungakhazikire chete mwana wosokoneza, tonse m'kalasi tinangoti duu, ndipo yankho linachokera panja, loti umupatse chinthu choti agwire. Anati wakhala akubwereza yankho limenelo kulikonse kumene akupita, ndipo ankadabwa kuti munthu wotero sanalowe bwanji mkati. Mkulu wina amene anamva kwa Bambo anati n'chifukwa cha satifiketi ija. Mayiyo anati iye sanafunsepo satifiketi kwa munthu aliyense.

Bambo anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anandiyang'ana kamodzi, kenako anapita kukagwada kuseri kwa kabati kuona pamene chiswe chinalowera. Kunyumba sanaitchule nkhaniyo, inenso sindinaitchule. Patangotha masabata atatu ndi pamene anagwa.

Atatuluka m'chipatala, tsiku lina masana ndikuwapukuta dzanja lakufalo, ndinalephera kupirira. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, misozi ili chuchuchu. Anandisiya ndilire mpaka nditope.

Kenako anayamba kulankhula, liwu lililonse akuchita kulikoka. Anati Kamsomali, paja amanditchabe choncho, iwo anadziwa tsiku loyamba lomwe. Akuti kuwerenga sadziwa, koma dzina lawo amalidziwa maonekedwe ake, popeza amalidinda kunsi kwa mpando uliwonse umene apanga. Anaona pepala lija pachitseko, ndipo pamwamba panali potuwa, dzinalo likuonekabe pang'ono pamene pensulo inakanda. Anati sanafune kundichititsa manyazi pamaso pa abusa.

Achimwene, ine ndinkabisa manyazi anga powachotsa iwo, iwo n'kumabisa manyazi anga pokhala chete. Chimenechi chikundiwawa kuposa chiswe chija.

Atatero anandituma kukagula kope lalikulu. Akuti zimene anamva pazenera zija zikanali m'mutu mwawo, pamodzi ndi zawo za zaka zonsezi, ndipo chiswe cha m'mutu nachonso chayamba kudya, tifulumire. Tsopano masana aliwonse ndikaweruka ndimakhala pambali pawo, iwo akunena, ine ndikulemba. Phunziro limodzi limatitengera masiku awiri kapena atatu. Tafika pa lachisanu ndi chinayi. Lamulungu lapitali ndinatsitsa thumba lija pamsomali n'kukaphunzitsa loyamba, ndipo ana anabwera khumi ndi atatu.

Pempho langa ndi ili: bwerani, musadikire tchuthi. Pali mawu ena amene ine sindikuwamva, ndipo akawabwereza katatu amakwiya n'kutembenukira kukhoma. Inu munakhala nawo m'shedi zaka zambiri, mumawamva ngakhale angokweza nsidze. Akufunanso tinkhosa tina tisanu ndi mlongoti wa kabwato kaja, ndipo akuti amene anathyola ndi amene akonze.

Dzulo anandiuza kuti ndilembe dzina la mwini maphunzirowo pachikuto cha kope. Ndinatola pensulo imene ndimalembera. Anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kuloza bolopeni imene inali pawindo. Ndinalemba ndi inki, zilembo zikuluzikulu, iwo akuyang'anitsitsa chilembo chilichonse mpaka chomaliza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti agogo awo amawatchula. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira kuti muwapeze Bambo akulankhulabe. Ngati mwandikwiyira, mudzandikalipire muli kuno.

Ndine mlongo wanu,
Kamsomali