Nkhafi ya Alamu Athu

Kwa mng'ono wanga Yelemiya,

Ine Simeoni Mumba, mkulu wako ndiponso nkhoswe ya banja lathu, ndikulembela kuchokela kuno ku Nyimba pa nkhani ya mlongo wathu Esinati. Tili moyo, kupatula maondo angawa. Ndikhulupilila kuti mlamu ndi ana ali bwino kumigodiko.

Dzulo ndinaoloka pa bwato kukamuona pa kachilumba ka mu Luangwa, pamene asodzi amamanga misasa m'chilimwe. Mchenga unali kuwaula mapazi, ana anali kusewela m'madzi osaya, utsi wowambila nsomba uli tolotolo. Koma akulu ayamba kale kugwetsa misasa, pakuti madzi afiila. Mvula yagwa kumtunda, ndipo posachedwa chilumbacho chidzamila.

Esinati yekha sanamange katundu. Ndinamupeza pagombe pamene ng'ona inagwila amuna ake chaka chatha, atafukata nkhafi yao.

Ndinati, "Esinati, tiye kumudzi."

Iye anati, "Alongo anga, kumudziko ndikalile pati? Anzanga ali ndi manda okasesa. Anga ndi madzi awa."



Tsono ndatsimikiza motele, ndipo abale a malemu avomela: Loweluka likudzali tidzaika nkhafiyo ndi malaya ao m'manda, ndi nyimbo ndi pemphelo, monga malilo enieni. Atamva zimenezi, Esinati wati adzaoloka.

Ubwele ndi nsalu yoyela. Sindikupempha, ndikulamula. Mulungu akusunge panjila.

Ndine mkulu wako,
Simeoni Mumba