Tsiku Limene Ndinamukaniza Rhoda Galimoto

Wokondedwa mlongo wanga Clifford,

Ndikhulupirira uli bwino kumigodi ya ku Alberta, pamodzi ndi mlamu wanga Jolene ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Ine ndilipo, kungoti mawondo akudandaula ndi chisanu. Nyanja yaundana kale, magalimoto ayamba kudutsa pamwamba pake.

Mwezi watha ndinapita ku Winnipeg kukalankhula kwa anthu amene boma lawatuma kuti amve za akazi a mtundu wathu, ife eni nthaka a dziko lino, amene anasowa osapezekanso. Ndinanyamula chithunzi cha Rhoda, chitsiriza wathu.

Ukukumbukira zomwe wapolisi uja anatiyankha zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, titakanena kuti Rhoda wasowa? Anati atsikana akwanu timawadziwa, mowa ukamuthera m'mutu abwera yekha. Lero akutikhazika pamipando yawofuwofu, kutipatsa tiyi, kulemba chilichonse. Mayi wina amene mwana wake anasowanso anandinong'oneza kuti, achemwali, imwani msanga tiyiyu asanasinthe maganizo. Tinaseka, kenaka tinalira.

Clifford, kumeneko ndinanena zimene sindinakuuzepo. Tsiku lija Rhoda sanachoke mozemba monga ndinauzira amayi. Anandipempha kuti ndimuperekeze pagalimoto yanga kutauni, akafunsire ntchito. Ndinakana chifukwa anali atang'amba jekete langa. Ndinamuuza kuti miyendo ali nayo. Anandiyankha kuti, chabwino abwana, ndikalemera mudzandifuna. Ndinamuona pawindo akupita kumsewu waukulu kukaimitsa magalimoto a anthu.

Amayi anamwalira akukhulupirira bodza langalo. Alendo ndawauza, koma iwe ndimakuopa.

Nditabwerako kunafika wapolisi wachitsikana, wamtundu wathu womwe, waulemu wake. Anati mlenje wina wapeza mafupa m'mbali mwa mtsinje, ndipo anatenga malovu anga kuti akayeze ngati mafupawo ndi a m'bale wanga. Masabata atatu ndinkadya choimirira, foni ili m'manja.

Lachiwiri anaimba. Si Rhoda.

Ndinagwada kuthokoza, kenaka manyazi anandigwira. Mafupawo ndi a mwana wa munthu wina, ndipo kwinakwake kuli mkazi ngati ine amene foni yake sinalirebe.

Akuti fayilo ya Rhoda aitsegulanso, ndipo akufuna kumva kwa iwe, poti anzake a masiku amenewo unkawadziwa. Bwera msewu wapanyanja usanasungunuke. Ngati wandikwiyira, bwera udzandikalipire pamaso. M'nyumba muno papita nthawi osamveka mawu a munthu wina, ngakhale okalipa.

Undiperekere moni kwa Jolene. Ana uwauze kuti anali ndi azakhali ena, oseka mokweza, dzina lawo Rhoda. Mlengi akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Verna